Pfupa Silinama

Pali mau amene afala m'midzi yathu ya ku Neno kuno, kuyambira ku mapiri a kwa Dambe kufikira ku cigwa ca Lisungwi, ndipo tiwamva pa maliro, pa bwalo la chalichi, ndi pa misonkhano ya makolo a ana a sukulu. Mauwo ndi akuti, "Aphunzitsi alikusokeretsa ana athu. Awauza kuti gogo wao anali nyani, ndipo Azungu angotola tizidutswa ta mafupa m'dothi, napeka nkhani yonse pa tizidutswato. Kodi pfupa louma linganene kanthu?" Anthu pakumva mau amenewa aseka, ndipo mwana amene anafunsa funso lace ndi mtima woona awerama ndi manyazi. Ife tikana mau amenewa. Tinena poyera kuti pfupa louma linena zambiri, ndipo silinama. Ndi kuti munthu wotseka mwana pakamwa ndi nthabwala ya nyani alakwira mwanayo, alakwiranso coonadi cimene iye mwini ati acikonda.

Kwathu kuno nkhoswe kapena nyakwawa yogamula mlandu isanamve mboni, anthu aiyesa yopanda nzeru. Tiyeni tsono, abale, tikhale pansi monga pabwalo, tiitane mboni imodzi imodzi, ndipo pambuyo pace mugamule nokha.

Tiyambe ndi zimene mudziwa kale. Mlenje akaona mapazi pa matope a m'mbali mwa Mkulumadzi, adziwa kuti panapita nguluwe, kuti inali yaikuru, ndi kuti inalikuthamanga. Koma nguluweyo sanaione ndi maso. Mbusa akapeza mafupa a mbuzi yace kuthengo, ayang'ana m'mene mano anapita, nati, "Uyu ndi fisi, si garu ai." Mai akagwira pfupa la nkhuku m'mbale, adziwa ngati inali msoti kapena thadzi lokalamba. Palibe mmodzi wa inu amene awayesa anthu awa opeka nkhani. Mudziwanso cimene cicitika munthu akathyoka mkono. Ku cipatala aumanga m'cikhakha, ndipo pofika tsiku lomasula, pfupa lija lalumikizana lokha, koma mkonowo utuluka wowonda ndi wofoka cifukwa unakhala masabata ambiri wosagwira nchito. Mtengo wouma ukathyoka sulumikizana. Pfupa lilumikizana popeza liri lamoyo; liri ndi mwazi, likula, ndipo limvera nchito imene mwini wace alipatsa.

Sing'anga wa ku Berlin, dzina lace Julius Wolff, analemba za ici m'caka ca 1892. Iye anaceka mafupa ambiri pakati, naona kuti kunsonga kwace, pafupi ndi mfundo, m'kati mwace muli timizati tambirimbiri tolukana ngati zisa za njuci. Timizatito sitiima cisawawa. Tiima molunjika kumene katundu alemera. Taganizani za munthu womanga nkhokwe: mbali imene aona kuti idzalemedwa aonjeza mphanda, ndipo mbali yopepuka saononga mitengo yace. Thupi licita comweco masiku onse a moyo wa munthu. Pamene pfupa lipanikizidwa kawirikawiri, thupi lionjezapo. Pamene lingokhala, thupi licotsapo. Cifukwa cace pfupa liri ngati kaundula, m'mene nchito ya munthu ilembedwa iye mwini wosadziwa.

Ici cayesedwa pa anthu amoyo, kotero kuti sitingacikane. M'caka ca 1977 asing'anga anajambula mikono ya akatswiri a masewera a tenesi, amene amenya mpira ndi dzanja limodzi zaka zambiri, napeza kuti mwa amuna khoma la pfupa la mkono womenyera linanenepa kuposa la mkono unzace monga limodzi la magawo atatu. Anthu amene akwera kunka kuthambo, kumene thupi lingoyandama wosaponda pansi, mafupa ao a m'ciuno ndi m'miyendo acepa monga limodzi la magawo 100 mwezi uli wonse. Ndipo pa mudzi wakale wa Abu Hureyra m'dziko la Syria, mai wophunzira za mafupa, Theya Molleson, anapenda mafupa a anthu amene anakhalako zaka monga 9,000 zapitazo. Anapeza kuti akazi ambiri anali ndi zala zazikuru za kuphazi zopunduka, maondo otupa mfundo, ndi msana wakumunsi wopweteka, koma mikono yolimba. Cinacita ici nciani? Ndi mphero. Anali kugwada tsiku ndi tsiku, zala za kuphazi zopindika pansi, napera tirigu. Agogo athu amene anapera mawere pa mphero akadamva nkhani iyi, sakadafuna wowamasulira. Ndipo mai wa ku Neno amene asinja ndi munsi m'mawa, nasenza dengu la mbatata kapena nacesi kutsika nalo phiri, alikulemba kaundula yemweyo m'mapewa, m'khosi ndi m'maondo mwace.

Zindikirani tsono kuti pfupa licita umboni wa mitundu iwiri. Maonekedwe ace akunja, amene munthu abadwa nao, atiuza zimene thupilo linakhoza kucita. Zolembedwa ndi nchito zitiuza zimene linacitadi. Citsanzo cabwino ndi bondo. Imirirani, muyang'ane miyendo yanu: m'ciuno iri yotalikirana, koma pa maondo iyandikana, pakuti pfupa la nchafu litsika mopendama kuloza m'kati. Kupendamaku kuika phazi pansi pa thupi, kuti munthu akhoze kuima ndi mwendo umodzi pamene winawo uli m'mwamba. Khanda libadwa ndi pfupa la nchafu losapendama. Kupendamako kubwera mwana akayamba kuyenda dededede, ndipo mwana wodwala amene sanayendepo sakhala nako. Kotero munthu akakumba pfupa la nchafu lopendama cotere, sayesa maula ai. Adziwa kuti mwini wace anayenda ndi miyendo iwiri, monga mlenje adziwa nguluwe.

Mboni yoyamba ibwere. M'caka ca 1924, anthu ophwanya miyala ya laimu pa Taung, ku South Africa, anapeza cigaza ca mwana wamng'ono cimene cinasanduka mwala. Cinafika m'manja mwa Raymond Dart, mphunzitsi wa za thupi ku Johannesburg. Malo a bongo anali ang'ono, koma Dart anayang'ana kunsi kwa cigaza, kumene kuli ciboo cotulukira mtsempha waukuru wa msana. Inu amene mwasendapo mbuzi kapena garu wakufa mudziwa kuti cibooco ciri kumbuyo, popeza mutu wa nyama ulendewera kutsogolo kwa thupi. Ca munthu ciri pansi, capakati, popeza mutu wace ukhala pamwamba pa msana monga mtsuko ukhala pa nkhata. Ciboo ca mwana wa pa Taung cinasendera kutsogolo, ngati ca woyenda coimirira. Dart analengeza ici mu 1925, ndipo akuru ambiri a ku Ulaya anamseka, pakuti sanafune kumva kuti ciyambi ca anthu ciri m'Afrika. Taonani, oyamba kukana umboni uwu anali Azungu omwe, ndipo cinawakaniza ndico kunyoza dziko lathu.

Mboni yaciwiri icokera ku Hadar, m'dziko la Ethiopia. Kumeneko mu 1974 Donald Johanson ndi anzace anapeza mafupa a wamkazi mmodzi, monga magawo 40 pa 100 a thupi lace lonse, namucha Lucy. Anakhala ndi moyo zaka monga 3,200,000 zapitazo. Msinkhu wace unangopitirira pang'ono mita imodzi, ndipo bongo wa mtundu wace unali monga limodzi la magawo atatu a bongo wathu. Koma pfupa lace la nchafu linapendama ngati lathu, ndipo mafupa a m'ciuno anali afupi ndi otambalala ngati mbale yocirikiza za m'mimba, osati atali ndi opyapyala monga a nyama zoyenda ndi miyendo inai. Mikono yace inali yaitaliko, ndi zala za mtundu wace zokhota pang'ono, kusonyeza kuti kukwera mitengo sanakusiye konse. Pansi anayenda coimirira, ndipo mumtengo anali kudziwabe njira.

Wina adzati, "Mafupa mungawalumikize molakwa." Cabwino, mboni yacitatu siri pfupa ai, koma mapazi eni eni. Pa Laetoli, m'dziko la Tanzania, phiri linalavula phulusa zaka monga 3,600,000 zapitazo, mvula niwaza pang'ono, ndipo oyenda awiri kapena atatu anaponda pa phulusa lonyowalo. Phulusa lina linagwa pamwamba, nilikwirira mapaziwo, ndipo zonse zinauma ngati simenti. Mu 1978 gulu la Mary Leakey linawafukula. Citende cinalowa pansi ndithu, ndipo cala cacikuru ciri pa mzere umodzi ndi zinzace, cosatambasuka pambali monga cala cogwirira nthambi. Palibe pamene dzanja linaponda. Mlenje ali yense wa kwa Mlauli kapena kwa Symon mutamuonetsa mapazi amenewo, angakuuzeni wosazengereza kuti apa panapita oyenda ndi miyendo iwiri.

Mboni zitatuzi zibvomerezana pa cinthu cimodzi cimene ngakhale ophunzira akale sanaciyembekeza: kuti mapazi anatsogola, ndipo kukula kwa mutu kunadza pambuyo patali. Ndipo pamene miyendo inasenza yokha nchito ya kuyenda, manja anamasuka.

Tambasulani dzanja lanu. Muli mafupa 27 m'menemo. Makolo athu anati, "Cala cimodzi siciswa nsabwe," ndipo mwambiwu unena za kuthandizana. Komanso unena zoona za dzanja lenilenilo. Cimene cisiyanitsa dzanja la munthu ndico cala cacikuru: ncacitali, ncamphamvu, ndipo patsinde pace pali mfundo yocilola kutembenuka ndi kukomana ndi nsonga ya cala ciri conse. Mafupa a kunsonga kwa zala zathu ngotambalala, kuti pakhale mnofu wokwanira kupana kanthu. Sing'anga wa ku England, John Napier, anasiyanitsa mu 1956 magwiridwe awiri. Kwina ndi kufumbata kwa mphamvu, monga tigwira mpini wa khasu kapena munsi. Kwina ndi kupana kwa luso, monga mai agwira singano, kapena mwana agwira colembera pakati pa cala cacikuru ndi mkombaphala. Cimpanzi, nyama yopanda mcira ya m'nkhalango za ku Congo ndi kumadzulo kwa Tanzania, imene thupi lace lifanana ndi lathu kuposa nyama zonse, iri ndi zala zazitali zokhota ngati mbedza, ndi cala cacikuru cacifupi. Ikhoza kutokosa ciswe ndi kamtengo, monga Jane Goodall anaona pa Gombe mu 1960. Koma kupana mwala ndi mphamvu ndi kuusema bwino kuibvuta, pakuti manja ace ndiwonso mapazi ace, ndipo iyenda poponda ndi mfundo za zala.

Nanga dzanja lonenedwali linaoneka liti? Mu 1960, pa Olduvai m'Tanzania, a banja la Leakey anapeza mafupa a dzanja okhala ndi nsonga zotambalala, m'dothi momwe munali miyala yosemedwa; ndipo mu 1964 Louis Leakey, Phillip Tobias ndi Napier uja anacha mwini wace Homo habilis, ndiko kunena, munthu waluso la manja. Koma umboni wa mtundu waciwiri uja, wolembedwa ndi nchito, unadikira makina ounika m'kati mwa pfupa wosaliswa. Mu 2015 Matthew Skinner, Tracy Kivell ndi anzao anaunika mafupa a m'cikhatho a mtundu wa mwana wa pa Taung, okumbidwa m'phanga la Sterkfontein, a zaka zoposa 2,000,000. Anaona kuti timizati ta m'kati tinacuruka mbali yomwe mphamvu igwera pamene cala cacikuru cipana kanthu ndi zala zinzace, monga muli m'manja mwa anthu, osati monga mwa cimpanzi. Caka comweco kunalengezedwa miyala yosemedwa ya pa Lomekwi, ku Kenya, ya zaka 3,300,000. Ndipo m'phanga la Rising Star, pafupi ndi Johannesburg, munapezeka mu 2013 ndi 2014 mafupa oposa 1,500 a mtundu wina wochedwa Homo naledi, umene cala cace cacikuru ndi mfundo ya dzanja zifanana ndi zathu, phazi lace lifanana ndi lathu, koma zala zace nzokhota ngati za wokwera mitengo. Ici citiphunzitsa kuti njira sinali imodzi yoongoka. Panali mitundu yambiri, monga nthambi za mtengo umodzi, ndipo zonse zinauma kupatula imodzi.

Musati nkhani izi nzakutali, za eni ace. Dothi lathu lomwe lacita umboni. Mu 1991, pa Uraha m'boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage, pamodzi ndi Amalawi anzao, linapeza nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka monga 2,400,000, imene iwerengedwa pakati pa mafupa akale koposa a pfuko la anthu. Mu 1996, pa Malema, kufupi ndi komweko, anapezanso cidutswa ca nsagwada ya mtundu wina, wa mano akuru otafunira zolimba. Nsagwada inena za cakudya, sinena za kayendedwe. Koma ititsimikizira kuti mitundu iwiri ya oyenda coimirira, yodziwika ku Kenya ndi ku Tanzania, inakhalanso m'mbali mwa nyanja yathu. Mbiri iyi aionetsa m'nyumba yosungira zakale ya pa Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Ku Kabwe, m'Zambia, kumene abale athu ambiri anapita kukagwira nchito m'mgodi wa Broken Hill, okumba anapeza mu 1921 cigaza ca zikope zotumphuka, pamodzi ndi pfupa la msongolo lalitali ndi loongoka, la munthu wamtali woyenda monga ife. Mu 2020 anaciyesa napeza zaka monga 299,000. Cigazaco anapita naco ku London, ndipo Azambia acipempha kuti cibwerere kwao. Ndiponso pa phiri la Hora, m'boma la Mzimba, Desmond Clark anafukula mu 1950 mafupa a alenje a zaka monga 8,000, anthu onga ife m'zonse, amene anaika akufa ao mwaulemu. Makolo athu anatiuza kuti pofika m'dziko lino anapezamo Akafula. Mafupa abvomera kuti dziko silinali lopanda eni.

Tsopano timve otsutsa, pakuti nao ali ndi mau. Coyamba ati, "Mutiyesa zidzukulu za nyani." Palibe wophunzira amene aphunzitsa ici, ndipo woneneza mnzace mau amene sananene acita umboni wonama. Nyani wotiba cimanga m'munda ali ndi mcira, ayenda ndi miyendo inai, ndipo ali pa nthambi yakutali. Cimene ophunzira anena ndi ici: kuti anthu ndi cimpanzi anali ndi kholo limodzi zaka monga 6,000,000 kapena 7,000,000 zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo yense anayenda njira yace. Msuweni wako si atate wako. Funso lija loti, "Nanga anyani a lero alekeranji kusanduka anthu?" lifanana ndi kufunsa kuti, "Msuweni wanga alekeranji kusanduka ine?"

Caciwiri ati, "Ophunzirawo ananamapo." Inde, cinyengo cinalipo. Mu 1912 pa Piltdown, ku England, wina anaphatikiza cigaza ca munthu ndi nsagwada ya nyama yochedwa orangutan, napala mano ace ndi tupa, nanyenga anthu zaka 40. Koma anaulula cinyengoco mu 1953 ndani? Ndi openda mafupa omwewo, amene anayesa msinkhu wa zidutswazo naona zipsera za tupa pa mano. Cinyengo ca Piltdown cinanena kuti mutu unatsogola kukula, ndipo mafupa oona a m'Afrika anakana. Pfupa lokakamiza liswa mphika. Ananama ndi munthu, ndipo pfupa ndilo linamgwira.

Cacitatu ati, "Zaka zonsezo anaziwerenga ndani?" Phulusa la mapiri a moto liri ndi mcere wina umene usanduka mpweya pang'onopang'ono, pa liwiro lodziwika ndi losasinthika, woyesa kucuruka kwa mpweyawo m'mwala adziwa pamene phulusalo linagwa. Ndi m'mene anawerengera pa Laetoli ndi pa Hadar. Pa Uraha anafanizira mano a nguluwe zamakedzana za m'dothi lomwelo ndi mano otere a ku maiko kumene phulusa linayesedwa kale. Zaka izi sizilozera tsiku ndi mwezi, ndipo cifukwa cace tilemba kuti "monga." Koma mkuru woyang'ana mlambe angaphonye zaka zace pang'ono, sangauyese wobzalidwa dzana.

Cacinai ndico cacikuru, ndipo ticinena ndi ulemu. Ati, "Izi zipasula cikhulupiriro." Akristu oona mtima asiyana maganizo pa kumasulira kwa masiku a cilengedwe, ndipo si ife oweruza cikumbu mtima ca munthu. Koma kumbukirani kuti Henry Drummond, mlaliki wa ku Scotland amene anayendera dziko lino mu 1883 nafika kumpoto kwa nyanja, anali wophunzira za miyala ndi zamoyo, ndipo mu 1894 anatulutsa buku lobvomereza kuti thupi la munthu linadza mwa makwerero. Koma kulalikira sanakuleka. Louis Leakey nayenso anali mwana wa amishoni, wobadwira pa Kabete ku Kenya. Pfupa litiuza m'mene mwini wace anayendera ndi m'mene anagwirira. Silitiuza cifukwa cace ca moyo, kapena cimene munthu ayenera kucitira mnansi wace. Mmisiri akaumba mbiya mwa kuzungulira nkhata pa nkhata tsiku lonse, kodi ileka kukhala nchito ya manja ace cifukwa sanaiumba m'kamphindi? Ngati tikhulupira kuti Mulungu ndiye mwini dothi ndi zonse ziri m'mwemo, tiopanji zimene dothilo litulutsa? Cikhulupiriro cimene cicirikizidwa ndi kubisa mboni ndico cidzagwa tsiku limene mwana adzaona mboniyo yekha. Ndipo tsikulo adzataya nthabwala ya nyani pamodzi ndi zoona zonse zimene anamva pakamwa pomwepo.

Kunsi kwa zotsutsa zonsezi ife tionako manyazi. Anthu safuna kholo lalifupi, la mutu waung'ono ndi zala zokhota. Koma akuru anati, "Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo." Wamkazi wa ku Hadar uja anayenda pakati pa zirombo wopanda moto, wopanda mkondo, ndipo mtundu wace unalera ana ao kwa zaka zikwi mazanamazana. Palibe conyazitsa pamenepo.

Tiri nao mau kwa inunso anyamata amene mwawerenga masamba awiri a buku la sayansi, nimubwera kumudzi kudzanyoza akuru ndi kunena kuti mafupa atsimikiza kuti kulibe Mulungu. Inunso muneneza mboni zimene sinanene. Ndipo mukayesa khasu cinthu ca anthu osaphunzira, simunamve phunziro la mafupa konse, pakuti phunzirolo ndi lakuti dzanja linatsogolera buku ndi zaka zosawerengeka. Mu 2015 mai wa ku Kenya, Habiba Chirchir, ndi anzace anaonetsa kuti m'mfundo za anthu a masiku ano timizati tija tacepa poyerekeza ndi ta makolo amakedzana, makamaka m'miyendo, kuyambira pamene anthu anacepetsa kuyenda. Ndipo mu 2017 Alison Macintosh anapeza kuti akazi olima ndi opera a ku Ulaya, a zaka monga 7,000 zapitazo, anali ndi mafupa a mikono olimba kuposa a atsikana opalasa ngalawa pa mpikisano ku Cambridge. Amai anu amene muwanyoza asenza m'mikono mwao umboni woposa satifiketi yanu.

Pali cinthu cina cowawa cimene sitingacilambalale. M'dziko lomwe lino m'mene anthu aseka kuti pfupa silinganene kanthu, kuyambira caka ca 2014 abale athu acialubino anasakidwa, ena naphedwa, ndi manda ao nafukulidwa, cifukwa ca bodza lakuti mafupa ao alemeretsa. Taonani kupusa kwace: cimene pfupa linenadi ticikana, ndipo cimene silinanene konse ena acikhulupira kufikira kukhetsa mwazi. Mwana wophunzitsidwa bwino kuti pfupa ndi ciani, kuti liri limodzimodzi mwa anthu onse, lakuda khungu kapena loyera, ndi kuti mulibe cuma m'menemo koma mbiri ya nchito yokha, mwana ameneyo sadzanyengedwa ndi wogula mafupa. Umbuli wa za mafupa waphetsa anthu. Kudziwa za mafupa sikunaphe munthu.

Cifukwa cace tipempha zinthu izi. Inu makolo, mwana akabwera ndi funso la ku sukulu, musamseke. Mukapanda yankho, mumtume kwa wodziwa, pakuti safunsa anadya phula. Inu akuru a mpingo, tsutsani cimene mufuna kutsutsa, koma yambani mwacimva monga eni ace acinena, ndipo nthabwala ya nyani icoke pa gome. Ife aphunzitsi tisangolemba maina acilendo pa bolodi kuti ana aloweze. Tibwere ndi pfupa la mbuzi loceka pakati, ana aone timizati ndi maso ao, ayang'ane ciboo ca cigaza, ayese kumanga mfundo ya cingwe cala cacikuru citapindidwa m'cikhatho. Ndipo inu nonse olima m'mapiri ndi okumba m'zigwembe, mvula ikagumula gombe nimuona pfupa lolemera ngati mwala, kapena miyala yosemedwa m'phanga, musaziswe, musazisinje mankhwala, musazigulitse kwa wapaulendo. Zisiyeni pomwepo, muuze mfumu, ndipo mfumu idziwitse a boma osunga zakale, pakuti pfupa locotsedwa m'dothi lace lataya theka la umboni wace. Cigwa ca Shire ndi ca Lisungwi ziri m'mng'alu waukuru womwewo umene upitirira ku Karonga kunka ku maiko a kumpoto, ndipo amene adzayamba kuona cimene dothi la kuno lisunga ndi munthu wa khasu.